Mkangano wa Lockhart ndi banja la Ballantyne pa kugwa kwa kampani ya Walter Scott

Mkanganowu udabuka m'dziko la Scotland m'zaka za 1838 ndi 1839. Nkhani yake idali yakuti adagwetsa ndani kampani yosindikiza mabuku ya James Ballantyne & Co, yomwe mlembi wotchuka Sir Walter Scott adali mmodzi mwa eni ake.

James Ballantyne adaphunzira limodzi ndi Scott ku Kelso. Atasamutsira ntchito yake yosindikiza ku Edinburgh, Scott adalowa m'kampaniyo mwachinsinsi m'chaka cha 1805.

Kampaniyi inkasindikiza mabuku a Scott omwe ankafalitsidwa ndi Archibald Constable. Makampani awiriwa ankasainirana zikalata zolonjezana ndalama ngakhale padalibe malonda enieni, ndipo zikalatazo ankakatengera ngongole kubanki. Motero kugwa kwa imodzi kudali kugwanso kwa inzake.

Kumapeto kwa 1825 chuma chidasokonekera ku London. Mu Januwale 1826 kampani ya Hurst, Robinson, yomwe inkachita malonda ndi Constable, idalephera kubweza ngongole, ndipo Constable ndi Ballantyne adagwera limodzi. Scott adatsala ndi ngongole yoposa mapaundi 120,000.

Iye adalonjeza kubweza ndalamazo polemba mabuku, ndipo zomwe ankapeza zinkapita kwa akuluakulu oimira eni ngongole. Adamwalira pa 21 Seputembala 1832 asadamalize. Ngongoleyo idatha mu 1847 Robert Cadell atagula umwini wa mabuku ake.

Mkangano udayamba pamene John Gibson Lockhart, mkamwini wa Scott, adatulutsa mbiri ya moyo wa mpongozi wakeyo mu 1837 ndi 1838. M'bukumo Lockhart adati James Ballantyne ankanyalanyaza mabuku a chuma, ndipo mng'ono wake John adali wosakaza, kotero kuti awiriwa ndiwo adaponya Scott m'dzenje. Onse adali atamwalira kale, John mu 1821 ndipo James mu 1833.

Mwana wa James pamodzi ndi oyang'anira chuma cha malemuyo adayankha ndi kabuku kotsutsa mu 1838. Iwo adati ntchito yosindikiza inkapindula, koma Scott ankatapa ndalama za kampani pogula malo ndi kumanga nyumba yake ya Abbotsford. Adadandaulanso kuti mu 1825 Scott adalembetsa malowo kuti adzakhale a mwana wake wamwamuna, zomwe zidachititsa kuti eni ngongole asawakhudze.

Mu 1839 Lockhart adabweza moto ndi kabuku kamawu akuthwa kotchedwa The Ballantyne-Humbug Handled, momwe adaumirira kuti abale awiriwo adatukuka chifukwa cha Scott. Banjalo lidayankhanso chaka chomwecho, likuonetsa ziwerengero zochokera m'mabuku a kampani.

Mfundo imodzi yomwe idafooketsa mbali ya Lockhart ndi yakuti kuyambira 1816 mpaka 1822 Scott adali mwini yekha wa kampaniyo, ndipo James adali woyang'anira wolandira malipiro. Akatswiri ambiri a mbiri omwe adaunika nkhaniyi pambuyo pake amaona kuti James sadali wosamala pa chuma, koma Lockhart, poteteza dzina la mpongozi wake, adasenzetsa abale awiriwo mlandu womwe gawo lake lalikulu lidali la Scott.