Mmene Liwu la Thangata Linatembenukira

Tikumva kuti ku Ulaya ndi ku Amereka kwabuka chuma chatsopano chimene akuti ndi chogaŵana. Kampani ya Airbnb, imene inayamba mu 2008, imapezera mlendo chipinda m'nyumba ya munthu wamba. Ya Uber, ya mu 2009, imampezera galimoto. Kwa ife a ku Matandani, m'mapiri a Neno muno, kugaŵana si nkhani yachilendo. Koma mbiri ya liwu lathu limodzi inatiphunzitsa kuimva nkhani yotere ndi khutu lochenjera.

Makolo athu anali ndi dima. Mwini munda ankafulula moŵa kapena kuphika thobwa, n'kumema anzake a m'mudzi. Iwo ankafika m'mamaŵa ndi makasu paphewa, n'kundanda m'mphepete mwa munda, ndipo dzuŵa lisanapendeke udzu unali utagona. Panalibe wolemba maina, komabe aliyense ankadziŵa amene wabwera ndi amene wadwala mutu wabodza. Moŵawo sunali malipiro ayi. Ndiponso kuno, kumene mpingo wa Seventh-day Adventist unakhazikitsa mishoni mu 1908, alipo ambiri amene saulaŵa n'komwe. Malipiro enieni anali akuti tsiku lina makasu omwewo adzaloŵa m'munda mwako. Kuthandizana kotere makolo ankati kuthangata.

Azungu atatenga minda ikuluikulu ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba m'zaka za m'ma 1890, anatola liwu lomweli. Munthu wokhala pamalo a mzungu ankayenera kumgwirira ntchito m'malo mwa lendi, ndipo ntchitoyo inkafunika kwambiri m'dzinja, pamene munda wake womwe unali kulira khasu. Mwezi wa thangata unkatalika monga mwini esiteti wafunira. Alomwe ochokera ku Mozambique, amene analibe kwina kopita, ndiwo anasenza goli lolemera koposa. Dzina linali lakale lija, koma khasu la mwini esiteti silinaloŵepo m'munda wa munthu. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero nkhanza zinafika poipa, ndipo pa 23 January 1915 anthu a John Chilembwe anapha woyang'anira wake, William Jervis Livingstone. Lamulo linathetsa thangata mu 1962, koma liwulo silinachire. Ndani lero angauze mnzake kuti, “Bwera ku thangata,” iye n'kubwera akusekerera?

Nchifukwa chake sitinadabwe kumva kuti madalaivala a Uber ku Britain anakasuma, ndi kuti mu 2021 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti iwo ndi antchito a kampaniyo, oyenera malipiro ndi tchuthi. Galimoto ndi lawo, mafuta ndi awo, koma mtengo wa ulendo amaika ndi wina.

Mzimu wa dima ife timauona pena. Njira yosungitsana ndi kukongozana ndalama imene bungwe la CARE linayamba ku Niger mu 1991 inafika kwathu n'kulandira dzina lakuti banki m'khonde. Amayi amakhala pamkeka, aliyense n'kuponya masheya ake onse akuona. Bokosi limatsekedwa ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana. Wokongola lero ndiye wokongoza maŵa, ndipo chaka chikatha, chiwongoladzanja chimene chinkamuŵaŵa pobweza chija amachipezanso m'gawo lake, nthaŵi yogula feteleza itayandikira.