Mmene Chitetezo cha M'thupi Chimalimbanirana ndi Matenda Opatsirana

Unduna wa Zaumoyo ukupereka kufotokozaku kwa alimi, amalonda, ogwira ntchito m'minda ya tiyi ndi anthu onse a m'dera la Mfumu Yaikulu Nsabwe m'boma la Thyolo, makamaka m'nyengo ya mvula pamene malungo ndi matenda otsekula m'mimba amachuluka pomwenso ntchito yothyola tiyi ili pachimake.

Thupi limadziteteza m'njira ziwiri. Yoyamba ndi chitetezo chobadwa nacho. Khungu, mamina ndi madzi owawasa a m'mimba zimatchinga tizilombo toyambitsa matenda. Tizilombo tikadutsa mpanda umenewu, maselo oyera a m'magazi, omwe ambiri amawatcha asilikali a m'thupi, amathamangira pamalopo n'kutimeza. Kutupa, mafinya, mwanabele ndi kutentha thupi ndi zizindikiro za nkhondo imeneyi.

Njira yachiwiri ndi chitetezo chimene thupi limachita kuphunzira. Maselo ena amapanga zida zolimbana ndi kachilombo kamtundu umodzi wokha, ena amapha maselo omwe agwidwa kale. Ntchitoyi imatenga sabata imodzi kapena ziwiri, koma ikatha maselo ena amatsala akukumbukira mdaniyo. N'chifukwa chake munthu amene anadwalapo chikuku sadwalanso. Katemera amaphunzitsa thupi mwa njira yomweyi popanda munthu kudwala matendawo.

Pa malungo, chitetezo chimakula pang'onopang'ono munthu akadwala kambirimbiri, ndipo sichikhala chokwanira. Ana osafika zaka zisanu amakhala asanachipeze, pamene cha amayi oyembekezera chimatsika. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2015, anasonyeza kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a mu ubongo amafa chifukwa cha kutupa kwa ubongo. Mu April 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S m'maboma osankhidwa, ndipo bungwe la WHO linavomereza katemerayu mu October 2021.

Kachilombo ka HIV n'koopsa chifukwa kamawononga maselo a CD4, omwe amatsogolera asilikali ena onse. Munthu wathanzi amakhala ndi maselowa oposa 500 m'kadontho ka magazi kamene amayeza ku labotale. Akatsika kuchepera 200, chifuwa chachikulu ndi matenda ena amalowa mosavuta. Mankhwala a ARV amaletsa kachilomboka kuswana, motero maselo a CD4 amachulukanso. Thyolo ndi limodzi mwa maboma oyamba kupereka mankhwalawa kumidzi: ntchitoyi inayamba mu 2003 mothandizana ndi bungwe la Médecins Sans Frontières. Kuyambira mu 2016, aliyense wopezeka ndi HIV amayamba mankhwala posayembekeza kuti chitetezo chitsike.

Katemera wa taifodi naye anayesedwa kuno kwathu. Kuyambira mu 2018, bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome linachita kafukufuku pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, ndipo anapeza kuti katemera mmodzi amateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse. Boma linapereka katemerayu m'dziko lonse mu May 2023.

Choncho Unduna ukupempha makolo kuti azipita ndi ana kusikelo ndi kumaliza katemera yense, kuphatikizapo wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Amene atentha thupi akayezetse magazi tsiku lomwelo, asagule mankhwala pamsika. Omwe ali pa ma ARV asadumphitse ngakhale ntchito itachuluka bwanji. Banja lililonse ligone m'neti ndi kumwa madzi owiritsa kapena othira klorini. Ofuna kudziwa zambiri afunse mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwawo kapena chipatala chomwe ali nacho pafupi.