Mbiri yomwe ndinaipeza kumbuyo kwa kiyibodi

Anzanga, amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine ndimaphunzitsa mbiri, osati makompyuta. Choncho mukhululuke ngati lero ndalowa m'munda wa eni ake. Chandikokeramo ndi chinthu chimodzi chomwe ndinachitola m'sitolo ya pasukulu pathu, tsiku lomwe akuluakulu analamula kuti zinthu zonse zakufa zichotsedwe kuti chipindacho chisanduke ofesi.

M'sitolomo munali mulu wa makompyuta omwe anabwera ngati mphatso kuchokera ku Britain kalekale, ena a iwo atafika ali otopa kale. Ndikuthandiza anyamata a Fomu 3 kunyamula, ndinagwira kiyibodi ina yomwe inandilemera ngati njerwa. Ndinaitembenuza. Kumbuyo kwake kunali kapepala komata, kolembedwa dzina la IBM, nambala 1391406, dziko lomwe inapangidwira, ndi tsiku lenileni lomwe inatuluka m'fakitale mu 1989. Munthu wa mbiri akaona deti amaima. Chaka chilichonse ndimavutika kufotokozera ana kusiyana kwa umboni weniweni ndi nkhani zongomva, ndipo apa umboni unali m'manja mwanga, uli ndi fumbi komanso ndowe za mphemvu.

Kuti timvetse chinthuchi tibwerere m'mbuyo pang'ono. Ndondomeko ya zilembo yomwe tonse tinaizolowera, yoyamba ndi Q, W, E, R, T, Y, sinayambe ndi kompyuta. Inachokera pa makina otayipira a Christopher Latham Sholes wa ku Milwaukee, omwe kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1874. Remington yomweyi inkadziwika ndi mfuti komanso makina osokera. Nkhani ya chifukwa chomwe zilembozo anaziyalira choncho ndi yaitali ndipo anthu amakanganabe, ndiye ndiidumpha. Chofunika n'chakuti pofika nthawi ya makompyuta, alembi a m'maofesi anali atazolowera makina omwe amayankha chala chikawakhudza, makamaka Selectric ya IBM yomwe inatuluka mu 1961. IBM inkadziwa kuti anthu amenewa sangalole kutayipa pa chinthu chofewa ngati phala.

Yankho lake linali kasipuling'i. Katswiri wina wa kampaniyo, Richard Hunter Harris, anakonza njira yoti pansi pa batani lililonse pakhale kasipuling'i koimirira. Mukadina, kasipuling'iko kamafinyika pang'onopang'ono kenako kamapindika mwadzidzidzi n'kugunda khoma la kachubu komwe kalimo. Nthawi yomweyo kapulasitiki ka pansi pake kamagwa n'kutumiza chilembo ku kompyuta. Ndiye kuti phokoso lomwe khutu likumva, kugonja komwe chala chikumva, ndi kulembeka kwa chilembo, zonse zimachitika pamodzi. Simufunika kukankha batani mpaka pansi kuti mutsimikize. Phokosolo si lokongoletsa ayi, ndi uthenga.

Kompyuta ya IBM PC itatuluka mu Ogasiti 1981, pa mtengo woyambira madola 1,565, inabwera ndi kiyibodi ya mabatani 83 yotchedwa Model F. Osonkhanitsa ambiri amati imeneyo ndiye mfumu, koma inali yodula kupanga, ndipo mabatani ake ena anali m'malo osokoneza. Mu 1985 kunabwera Model M, yomwe ndi yanga ija. Apa pali chinthu chomwe chinandiseketsa nditachidziwa. Kiyibodi yomwe lero anthu amaitama ngati chitsanzo cha kulimba kwa zinthu zakale, inapangidwa ngati njira yochepetsera ndalama! Anachotsa zitsulo zina, pansi pa masipuling'i n'kuyalapo timapepala ta pulasitiki tokhala ndi njira za magetsi. Komabe inatsala yolemera pafupifupi makilogalamu awiri, chifukwa mkati mwake muli chitsulo chopindika chomwe chimagwira zonse.

Chomwe Model M inasiyira dziko si kulemera kwake koma mayalidwe a mabatani. Yang'anani kiyibodi iliyonse mu ofesi yanu. Mabatani a F1 mpaka F12 ali mumzere pamwamba, mivi inayi yaima payokha ngati chilembo T chozondoka, Caps Lock ili pafupi ndi A, manambala ali kudzanja lamanja. Si zonse zomwe IBM inayambitsa, mwachitsanzo mivi ija inali kale pa kiyibodi ya kampani ya DEC, koma ndi Model M yomwe inaziika pamodzi, ndipo makompyuta a PS/2 atatuluka mu 1987 opanga ena onse anangotsatira. Chomwe mulibe pa yanga ndi batani la Windows, lomwe linabwera mu 1994. Pakati pa Ctrl ndi Alt pali mpata wopanda kanthu, ndipo ana a sukulu akaiona amafunsa ngati batani linathyoka.

Ya ku America ili ndi mabatani 101, koma yanga ili ndi 102, batani la Enter lalitali, ndi chizindikiro cha £ pamwamba pa nambala 3. Ndi ya ku Britain, ndipo zotere IBM inkazipanga ku Greenock, tawuni ya m'mbali mwa mtsinje wa Clyde ku Scotland. Apa mphunzitsi wa mbiri sangapirire. Mumtsinje womwewo mukapita kumtunda, kupitirira Glasgow, mufika ku Blantyre komwe anabadwira David Livingstone mu 1813. Sindikunena kuti pali chinsinsi chilichonse pamenepa, kungoti njira ya katundu wochokera ku Clyde kubwera kuno si yachilendo. Ndipo popeza tafika ku Britain, nayi mphatso yaing'ono. Chilembo ŵ cha mu dzina la Malaŵi mulibe pa kiyibodi imeneyi, koma chilankhulo cha ku Wales chimachigwiritsanso ntchito. Mukasankha United Kingdom Extended pa Windows, dinani AltGr ndi 6 pamodzi, kenako w, chituluka. Tinadyera nawo mwayi wa anzathu a ku Wales.

Kutha kwa nthawi imeneyi kunadza ndi kutsika mtengo kwa makompyuta. Mu 1991 IBM inagulitsa gawo lake la makiyibodi ndi mapulinta la ku Lexington, Kentucky, ndipo linasanduka kampani ya Lexmark. Pamene ogula anayamba kuyang'ana mtengo wokha, opanga anatembenukira ku kiyibodi ya mphira, yomwe pansi pa mabatani pamangokhala chinsalu chimodzi cha timabampu tofewa. Ndi yopepuka, yachete, yotchipa, ndipo ikafa palibe amalira. Mu 1996 Lexmark inasiya ntchitoyi, ndipo anthu ena omwe ankagwira ntchito kumeneko anayambitsa kampani yaing'ono ya Unicomp, yomwe inapitiriza kupanga makiyibodi a masipuling'i ku Lexington komweko.

Tsopano za kusaka. Kunja kuli anthu omwe amasonkhanitsa zinthuzi monga ena amasonkhanitsira masitampa. Amafunafuna Model F, Model M yaifupi yopanda manambala a kumbali, Apple Extended Keyboard II ya 1990, ndi zina zokhala ndi maswichi a Alps kapena Cherry. Iwo amagula pa eBay. Ife kuno malo athu ndi masitolo a sukulu, maofesi akale, ndi pamsika pomwe amayala zingwe ndi machaja pansi. Ine njira yanga ndi yachidule. Choyamba nyamulani, kulemera sikunama. Kenako dinani batani pafupi ndi khutu. Kenako gwedezani. Mukamva tinthu tikuyenda mkati ngati mchenga, ndi timitu ta pulasitiki tomwe timamanga chitsulo chija ku thupi la kiyibodi. Timathothoka ndi ukalamba, ndipo tikathothoka tambiri mabatani ena amasiya kugwira. Mankhwala ake ndi kuboola n'kuikamo timabawuti, ntchito yofuna Loweruka lathunthu ndi mtima wodekha. Kutsegula kokha kumafuna sipanala yopyapyala ya mamilimita 5.5, yomwe ndinaipeza kwa wokonza mawailesi nditazungulira tawuni yonse. Chingwe chake ndi cha PS/2, ndiye pa kompyuta ya lero pamafunika kachipangizo kosinthira ku USB kokhala ndi nzeru mkati, osati tija totchipa tongolumikiza mawaya. Ndinagula tiwiri tolakwika ndisanamvetse.

Mabatani ndinawazula onse n'kuwaviika m'beseni la madzi a sopo. Mayi a kunyumba anaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Bambo, kodi tsopano tayamba kuchapa ndi makompyuta omwe?" Koma zilembo zinatuluka zowala ngati zalembedwa dzulo, chifukwa inki yake inalowetsedwa mkati mwa pulasitiki, sinangopakidwa pamwamba.

Pali chimodzi chomwe chimandiwawabe. M'mulu muja munali zina ziwiri zofanana nayo. Tsiku limenelo ndinali ndisanadziwe zonsezi, ndinangopempha imodzi chifukwa cha deti lija. Nditawerenga n'kubwerera Lolemba, ndinapeza chipinda chosesedwa bwino, katundu yense atapita ndi ogula zitsulo zakutha, omwe amalipira pa sikelo. Kulemera komwe kunazisunga zaka zoposa 30 ndi komwe kunazigulitsa.

Yotsalayo ndimapita nayo m'kalasi la Fomu 1 tikamayamba mutu wa magwero a mbiri. Ndimaiika patebulo chozondoka n'kuwauza ana kuti andiuze zonse zomwe angadziwe pa chinthuchi popanda kundifunsa. Amapeza chaka, amapeza dziko, wina wochenjera amaona £ uja. Chaka chatha mtsikana wina anaona kuti batani la kadontho ndi la 0 kumbali ya manambala ndi osalala kuposa ena onse, ndipo anati mwini wake woyamba ayenera kuti ankagwira ntchito yowerengera ndalama. Ine ndinali nditakhala nayo miyezi yambiri osaona zimenezo.