Chotupa cha m'nsagwada za ana: ulendo wa Dr Burkitt

Amayi, mwana akatupa tsaya, ambiri timathamangira kunena kuti ndi dzino. Ena amati wina wamuponyera. Imvani mbiri iyi.

Mu 1958, chaka chomwe chipatala cha Queens chinatsegulidwa, dokotala wina ku Kampala, Denis Burkitt, analemba za khansa yachilendo yotupitsa nsagwada za ana mpaka mano kugwedera. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pagalimoto masabata 10, kufunsa m'zipatala za mayiko angapo, kuphatikizapo kwathu kuno, nthawiyo kukutchedwa Nyasaland. Anapeza kuti matendawa ndi ochuluka kumalo otentha, monga m'mbali mwa nyanja, koma osowa kumapiri ozizira. Kumalo otenthawo n'komwenso malungo amasautsa kwambiri.

Mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo m'maselo a chotupachi. Pofika 1982 akatswiri anali atadziwa chimene chimasokonekera m'kati mwenimwenimo. Selo lililonse lili ndi malangizo otchedwa majini (sindikunena majini a mizimu ayi). Jini imodzi, MYC, ndi imene imauza selo kuti ligawikane, ndipo imayenera kuyaka ndi kuzima. Mwa ana odwalawa, jiniyi imachoka pamalo pake n'kukakhala pomwe sizimanso. Maselo amangochulukana usana ndi usiku, moti amatha kuwirikiza pa tsiku limodzi kapena awiri, n'kufalikira m'mimba, m'diso, m'mafupa ngakhale ku ubongo. Kudwala malungo pafupipafupi kumathandizira kuti izi zichitike. Si mlandu wa mayi, ndipo mwana sapatsira abale ake khansayi.

Kufulumira kwakeku ndi komwenso kumachititsa kuti mankhwala aigwire msanga. Ku Queens, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anatha zaka zambiri akufufuza mlingo wa mankhwala umene ana athu, ena a iwo onyentchera, angaupirire. Ana ambiri anachira n'kubwerera kusukulu, makamaka ofika msanga.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti kuchokera pa Kameza kukafika ku Queens si mtunda, koma mwana amatha mwezi akumwetsedwa panado ndi kupakidwa zitsamba. Ena amakamuzulitsa dzino, chotupa n'kumakulabe.

Tsaya likamakula tsiku ndi tsiku, mano a mwana akagwedera osati pa nthawi yake yoguluka, diso likatuluka kapena mimba ikatupa, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Mukauzidwa kuti mupite ku Queens, tengani buku la kuchipatala la mwanayo ndi kalata yomwe akupatsani.