Njira ya ku ntchito ya ophunzira a kwa Msakambewa

Mishoni ya Kongwe, imene Robert Blake wa mpingo wa Dutch Reformed adaikhazikitsa m'dera la Msakambewa ku Dowa mu 1894, inkaphunzitsa anthu amene ntchito yawo inali yodziwika kale, popeza wophunzira ankakhala mphunzitsi wa sukulu za m'midzi kapena mlaliki. Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa mu 1965, achinyamata ochokera ku sekondale ya Robert Blake ya ku Kongwe amene adafika kumeneko sankavutika kupeza ntchito, chifukwa boma latsopano linkafuna Amalawi olowa m'malo mwa azungu amene ankachoka m'maofesi, ndipo digiri, ndiko kuti satifiketi ya maphunziro a ku yunivesite, inali yosowa kwambiri.

Zinthu zidayamba kusintha kuyambira 1981, pamene boma lidavomera ndondomeko za IMF ndi World Bank zochepetsa ndalama zimene linkagwiritsa ntchito, kotero kuti lidachepetsanso kulemba anthu. Mayunivesite atachuluka, omaliza maphunziro adaposa malo a ntchito, ndipo ambiri a ku Dowa ndi Ntchisi adayamba kudalira mabungwe omwe si aboma, uphunzitsi wa m'sukulu zoyima pazokha, kapena kugula ndi kugulitsa soya ndi mtedza pa Mponela.