Country 1035: Wailesi Imene Inasowa Pokhala ku London

Mmalawi amene anakula akumva mawu a Jim Reeves ndi Don Williams pa MBC, kapena m'basi yopita kumudzi, angaganize kuti wailesi ya nyimbo za country singagwe ku London, kumene anthu amalankhula chinenero chomwe nyimbozi zimaimbidwira. Koma Country 1035 inagwa. Inayamba kuulutsa mawu pa 1 September 1994, ndipo zaka khumi zisanathe inali itasintha dzina kangapo. Anthu ambiri amangoti a ku London sakonda country, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine sindivomereza. Omvera analipo. Chimene chinaipha wailesiyi ndi malo amene inapatsidwa oulutsira mawu, komanso eni ake amene sankachedwa kuitaya.

Nambala ili m'dzinamo ikunena zambiri. 1035 ndi malo a pa medium wave, osati pa FM. Aliyense amene anapotokolapo kabatani ka wailesi yakale usiku amadziwa mmene medium wave imakhalira: mawu amabwera n'kupita, kumbuyo kukumveka kusokosera ngati mvula pa malata, ndipo dzuwa likalowa mawailesi a mayiko ena amalowerera. Nkhani ndi mpira zimapirira zimenezi, koma country imadalira kulira kosalala kwa gitala ndi mawu a woimba amene akusimba nkhani, moti mawu amodzi akakuphonya, nyimbo yonse yakuthawa. Pamene Country 1035 inkayamba, anthu anali atazolowera kale kumveka bwino kwa CD. Ngakhale Virgin Radio, imene inayamba mu 1993 pa medium wave ili ndi chuma cha Richard Branson kumbuyo kwake, inalimbikira mpaka inapeza malo pa FM ku London mu 1995. Country 1035 mwayi umenewo sinaupeze.

Kuchokera apo inakhala ngati mwana wamasiye woleredwa khomo ili ndi ilo. Inalowa m'manja mwa kampani ya ku Luxembourg n'kutchedwa RTL Country 1035. Kenako inagulidwa ndi Ritz, kampani yojambula nyimbo imene inatchukitsa Daniel O'Donnell wa ku Ireland. Mu 2002 inatengedwa ndi Mean Fiddler, eni malo oimbira ndi zikondwerero za nyimbo, n'kukhala Mean Country. Mu 2003 inagulitsidwa kwa Sunrise Radio ya Avtar Lit, imene inaitcha Easy Radio, ndipo posakhalitsa pa 1035 panayamba kumveka Kismat Radio, ya anthu ochokera ku India ndi mayiko oyandikana nawo. Womvera country ndi munthu wokhulupirika, amafuna kupeza muulutsi yemweyo pa ola lomwelo chaka ndi chaka. Wailesi yosintha dzina ndi kaimbidwe nthawi ndi nthawi inkataya chuma chokhacho chimene inali nacho.

Wina anganene kuti medium wave isanamiziridwe, popeza mawailesi a Amwenye anakhazikika pomwepo kwa zaka zambiri. Mfundoyi ndi yomveka, koma ikuiwala kumene ndalama zimachokera. Wailesi yamalonda imadya kwa otsatsa malonda. Omvera a Sunrise ndi Kismat ankakhala mothithikana m'madera ngati Southall, ndipo wogulitsa nsalu, golide kapena matikiti a ndege kumeneko ankadziwa kuti akalipira wailesi, makasitomala ake enieni amva. Okonda country ndi omwazikana. Ambiri ali ku Scotland, ku Ireland ndi m'matauni akutali ndi likulu, kumene chilolezo cha London sichinkafika. Umboni woti anthuwo analipo ndi chikondwerero chimene Mervyn Conn ankachititsa ku Wembley kuyambira 1969 mpaka 1991, kumene kunaimba Johnny Cash, Tammy Wynette ndi Dolly Parton. Koma khamulo linkasonkhana kuchokera m'dziko lonse kamodzi pachaka, pamene wailesi imafuna omvera m'mawa uliwonse.

Zimene zinachitika pambuyo pake n'zimene zimandikhutiritsa kwambiri. Mu 2013 chikondwerero cha Country to Country chinayamba ku O2 Arena, mu London momwemo, ndipo chinakula mpaka kumatenga masiku atatu. Chaka chomwecho panabadwa wailesi ya Chris Country. Mu 2019 makampani awiri akuluakulu a wailesi ku Britain analowa nawo: Bauer inatsegula Country Hits Radio, imene mu 2021 inakhala Absolute Radio Country, ndipo Global inatsegula Smooth Country. Onsewa anadzera pa wailesi ya digito (DAB) ndi pa intaneti, pamene mawu amamveka bwino ndiponso womvera wa ku Glasgow ndi wa ku Croydon amawerengedwa pamodzi pokopa otsatsa malonda. Amene anayambitsa Country 1035 sanalakwitse za omvera. Anangopatsidwa munda wolakwika, ndipo pa 1035 country sinabwererenso.