Moto wa pa Guwa Utazima

Mu Kachisi wa ku Yerusalemu moto wa pa guwa sunkaloledwa kuzima. Tsiku lililonse ansembe ankapsereza ana a nkhosa awiri, wina m'mawa, wina madzulo, monga lidanenera Lamulo la Mose. Ababulo adagwetsa Kachisi wa Solomoni cha m'ma 587 Khristu asanabadwe. Ayuda atabwerako ku ukapolo adamanga wina, utsi nuyambanso kukwera. Koma m'chaka cha 70 asilikali a Aroma, motsogozedwa ndi Tito, adatentha Kachisiyo, ndipo nsembe za nyama zidathera pomwepo.

Ayuda adatsamira pa mapemphero ndi kuphunzira Malamulo m'masunagoge. Kwa Akhristu, nsembe yeniyeni ndi Yesu amene adadzipereka kamodzi kokha pa mtanda, monga ifotokozera Kalata ya kwa Ahebri. Pa Misa timalandira nsembe yomweyo, osati ina yatsopano.

Choncho tikamapita ku guwa ndi lichero la chimanga kapena nkhuku, sitikugula chifundo cha Mulungu, koma tikuphatikiza thukuta lathu ku nsembe ya Khristu. Komabe mneneri Amosi adachenjeza kuti Mulungu amakana zopereka za anthu opondereza amphawi. Tisanasenze lichero, tiyambe talipira waganyu amene adatilimira m'munda.